Adabayitsa kale katemera wa chiwewe, galu akamulumanso abayitsenso?

Mwezi uno mwa makalata omwe ndalandira, atatu ndi okhudza agalu, ndiye ndawaika pamodzi. Yoyambayi ndikhalitsapo, chifukwa funso lake ndimalimva kawirikawiri ndipo yankho lomwe anthu amapatsana kumudzi ndi loona theka chabe.

"Anamwino, ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala chakumtunda kwa Linthipe. Mwana wanga wachiwiri, mnyamata wa zaka 11, adalumidwa ndi galu pantchafu mu 2022. Tidapita naye kuchipatala ndipo adabayidwa majakisoni onse mpaka adatiuza kuti tamaliza. Lamulungu lapitali pakhomo panabwera galu wachilendo, wowonda, n'kuyamba kuthamangitsa nkhuku. Mnyamatayo anatola mtengo kuti amupirikitse, galuyo n'kumutembenukira n'kumupala ndi dzino pakatumba. Bala lake ndi laling'ono, magazi anangoonekera pang'ono basi. Zankhukuzo zisanayambe, galu yemweyo ananyambita dzanja la mlongo wake wa zaka 4 yemwe amadya mbatata pakhonde. Anathawira kudambo ndipo sitinamuonenso. Bambo akunyumba akuti tisavutike, mankhwala aja akadali m'thupi mwa mwanayo, ndalama ya kabaza kuli bwino tigulire feteleza wakudimba. Ine mtima sukukhazikika. Kodi abayitsenso? Nanga wamng'onoyu?"

Mayi, munachita bwino kuika nambala yanu pansi pa kalata. Ndinakuimbirani madzulo omwewo chifukwa funso ngati ili silidikira kuti magazini ituluke. Zomwe tinakambirana pafoni ndikuzibwereza pano kuti amve ndi ena.

Mnyamatayo abayitsenso. Dzino linaboola khungu, magazi anaoneka, galuyo sakudziwika mwini wake ndipo wasowa. Pamenepa palibe zoti tiyambe taona kaye. Koma ulendo uno ndi waufupi kusiyana ndi uja wa 2022. Munthu amene adalandirapo kale katemera wa chiwewe amangofunika majakisoni awiri achibwereza: woyamba tsiku lomwe wafika kuchipatala, wachiwiri pakatha masiku atatu. Akabaya Lolemba, mubwererenso Lachinayi, nkhani yatha. Pali njira inanso yobaya malo anayi pakhungu tsiku limodzi n'kuthana nazo, koma osankha ndi achipatala malinga ndi momwe amachitira pamalopo. Awa ndi malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO omwe adatuluka mu 2018.

Bambo akunyumba sanalakwitse kotheratu ayi, ndipo mukawauze kuti ndatero. Thupi la mwanayo silinaiwale katemera uja, ndipo silidzaiwala ngakhale patapita zaka makumi awiri. Chomwe chimachepa ndi asilikali omwe ali chire m'magazi nthawi imeneyo. Taganizirani mudzi womwe udaberedwapo ng'ombe. Anyamata a m'mudzimo mbavayo adaiona nkhope, akuidziwa ndi mayendedwe omwe. Koma papita nthawi, usiku uno onse ali m'tulo. Mbava ija ikabweranso pakhola, pafunika wina akuwe kuti adzuke. Jakisoni wachibwereza ndiye mfuu imeneyo. Chifukwa choti mdaniyo akumudziwa kale, thupi limadzambatuka msanga, m'masiku ochepa asilikali adzaza. Munthu amene sadabayitsepo thupi lake limayamba laphunzira kaye, zomwe zimatenga sabata imodzi kapena awiri. N'chifukwa chake iye amayenda maulendo atatu kapena kuposa, ndipo bala lake likakhala loboola khungu amayeneranso kulandira mankhwala ena otchedwa immunoglobulin, obayidwa pabala penipeni, omwe ali ngati alonda obwereka kumudzi wina kuti agwirizize pakhola eni mudzi akukonzeka. Mankhwala amenewa ndi odula komanso osowa kwambiri kuno kwathu. Mwana wanu sakuwafuna. Phindu la maulendo aja a 2022 ndi limeneli.

Changu chimafunikiranji? Kachirombo ka chiwewe kamakhala m'malovu a galu wodwala. Kakalowa pabala sikathamangira m'magazi ngati malungo. Kamayamba kakhala mumnofu pomwe dzino linalowa, kenako kamagwira mitsempha ija yomwe imatimvetsa kuwawa ndi kuyendetsa ziwalo, n'kumakwawa pang'onopang'ono kulunjika kumsana mpaka kuubongo. Kwa anthu ambiri ulendowu umatenga miyezi iwiri kapena itatu, koma utha kutenga sabata imodzi yokha, uthanso kufika chaka. Bala likakhala kumaso, pakhosi kapena kuzala, ngozi imakula ndipo nthawi imachepa. Katemera amagwira ntchito kachiromboka kakadali panjira. Kakafika kuubongo, zizindikiro n'kuyamba, palibe mankhwala ochiza, kaya kuno kaya kunja. Bala limakhala litapola kalekale, munthu akuyenda bwinobwino, ndipo ndi zimenezi zomwe zimapusitsa mabanja. Akuluakulu adati ndionetsetse adathetsa nkhosa.

Popita munyamule buku lakuchipatala la mwanayo, lomwe lija adalembamo masiku a majakisoni. Ichi ndikuchinena motsindika. Wachipatala sangadalire mawu apakamwa oti "adabayitsa kale", chifukwa ambiri amasokoneza jakisoni wa kafumbata, yemwenso amaperekedwa munthu akalumidwa, ndi katemera wa chiwewe. Ndakumanapo ndi anthu olumbira kuti adabayitsa, titaona m'buku n'kupeza kuti adalandira wa kafumbata mmodzi ndi mapilitsi basi. M'buku mukapezeka kuti adalandira katemera wa chiwewe maulendo osachepera awiri, amawerengedwa kuti ndi wobayitsa kale. Buku likasowa, chipatala chimamuyambitsa pachiyambi ngati munthu watsopano. Palibe choopsa pakutero, katemerayu sachulukitsa m'thupi, koma maulendo a kabaza aja ndiye awonjezereka. Agogo athu ena amakumbukira majakisoni ambirimbiri apamimba akalekale. Amenewo adasiyidwa, ndipo yemwe adalandira amenewo amayambanso pachiyambi. Katemera wamasiku ano amabayidwa paphewa, mwana wakhanda pantchafu, osati pathako.

Pali anthu awiri omwe lamuloli limasintha. Amene wamaliza majakisoni onse miyezi itatu isanakwane, akalumidwanso amangofunika kutsuka ndi kusamalira bala, chifukwa asilikali aja sanagone. Komabe apite akamuone achipatala, asadzigamule yekha. Wachiwiri ndi munthu amene chitetezo chake chatsika kwambiri, monga yemwe ali ndi HIV koma sanayambe ma ARV kapena adasiya kumwa. Ameneyu amalandira zonse kuyambira pachiyambi ngakhale adabayitsapo kale. Amene akumwa ma ARV mokhulupirika ndipo thupi lili bwino amathandizidwa ngati wina aliyense. Muziwauza zoona achipatala, nkhaniyo imathera m'chipinda momwemo.

Tsopano za mtsikanayo. Galu akanyambita khungu labwinobwino, lopanda bala, chiwewe sichilowa. Kumugwira galu, kumusisita, kumupatsa mkute, zonsezi sizifuna katemera, kusamba m'manja ndi sopo n'kokwanira. Koma mawu oti khungu labwinobwino tiwasamale, makamaka kuno ku Dedza. Ndinakupemphani pafoni kuti mutenge dzanja la mwanayo mupite nalo pawindo, mulitambasule chala chimodzichimodzi. Chisanu cha Juni ndi Julaye chimang'amba khungu la ana athu, timing'alu pakati pa zala, m'mbali mwa zikhadabo, kumbuyo kwa dzanja komwe kwatuwa. Ena ali ndi mphere zomwe akhala akukanda, ena kabala ka mpeni wosendera mbatata. Malovu akagwera pamalo otere, zili chimodzimodzi ndi kulumidwa. Chimodzimodzinso galu akanyambita mwana pakamwa, m'mphuno kapena m'maso. Ndipo mwana wa zaka 4 amene akudya, dzanja lomwe lanyambitidwa ndi lomwelo limabwerera kukamwa. Inu munandiuza kuti mwapeza mng'alu pachala chachikulu ndipo simukudziwa ngati anapitiriza kudya mbatatayo. Ndiye ndinati mupite nawo onse awiri. Iyeyu sadabayitsepo, kotero akaona kuti n'koyenera amuyambitsa ndondomeko yonse. Yaifupi ndi ya maulendo atatu, Lolemba, Lachinayi ndi Lolemba linalo, koma malo ena amabaya maulendo anayi kapena asanu mpaka mwezi. Masiku omwe akulembereni m'buku musadumphe ngakhale limodzi.

Chinthu chimodzi chomwe ndikadakonda chikadachitika Lamulungu lomwelo ndi kutsuka. Munati munathira madzi n'kumanga kansalu. Sizokwanira, mayi, ndipo si inu nokha, pafupifupi aliyense amatero. Bala la galu limatsukidwa ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu. Mphindi 15 ndi nthawi yaitali kuposa momwe timaganizira, madzi a nsima amafika powira munthu akadatsukabe. Pitani naye pamjigo, wina azipopa, inu mugwire mwendo, mupake sopo wochapira yemweyu mpaka thovu, mutsukuluze, mupakenso, mutsukuluzenso. Mwana alira, musasiye. Kachiromboka kadakutidwa ndi kachikopa kamafuta, ndipo sopo amakasungunula monga amachitira ndi mafuta a m'mbale. Ngati muli ndi ayodini kapena sipiriti, pakani pambuyo pake. Tsabola, mchere, phulusa, mafuta a galimoto, ubweya wagalu wootcha, zonsezi ndaziona pamabala a ana ndipo palibe chomwe chimapha chiwewe, zimangowonjezera chilonda. Balalo musalimange kolimba, ndipo musadabwe achipatala akapanda kulisoka msanga, amatero dala.

Mwina mukudabwa kuti bwanji ndikulimbikira chonchi pa kabala kosaoneka n'komwe. Zaka zoyambirira za ntchito yanga, pachipatala china chaching'ono m'boma lino, kudabwera gogo wina atabereka mdzukulu wake, mnyamata wamsinkhu wa sitandade 2. Adati watentha thupi masiku awiri, sakugona, akungodzikanda chala. Tonse tidaganiza malungo. Ndidatunga madzi m'kapu kuti amwere mankhwala. Mwanayo adaiyang'ana kapuyo, n'kutambasula dzanja yekha, koma itangoyandikira kukamwa khosi lidakoka, maso n'kutuzuka, adaikankha madzi n'kutayikira pamalaya anga. Atapuma adanena bwinobwino, ndi nzeru zake zonse, kuti "agogo, ndili ndi ludzu". Gogoyo adayamba kumukupiza ndi nsonga ya chitenje kuti azizidwe, kamphepo komweko n'kumudzidzimutsanso ngati wamenyedwa. Pamenepo mnzanga wamkulu pantchito adafunsa mwakachetechete ngati pakhomo pali galu. Gogoyo adaganiza nthawi yaitali. Kenako adakumbukira kamwana kagalu komwe mnyamatayo adatola kumunda nthawi yokolola, komwe kadamuluma chala akusewera, n'kufa kokha patapita masiku. Palibe adaziwerengera, kanali kagalu kakang'ono koti n'kukwana m'chipewa. Mwanayo adamwalira patatha masiku atatu. Mpaka lero ndikaona mwana akukana madzi, ndimayamba ndafunsa za galu.

Nkhani zotere si zachilendo. Madokotala a ku Queen Elizabeth ku Blantyre adalemba mu 2007 kuti ana ena omwe adamwalira akuganiziridwa malungo a m'bongo, atapimidwa bwino zidapezeka kuti chinali chiwewe. A WHO amati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ochuluka mu Africa ndi ku Asia, ndipo mwa anthu 10 olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe, 4 ndi ana osakwana zaka 15. Ana ndi afupi, galu amawapeza kumaso ndi m'manja, komanso amabisa poopa kukalipiridwa. Mwana akabwera kudzanena kuti galu wandikanda, musamukalipire, mawa sadzanenanso.

Za kayendedwe kake. M'malo ambiri achipatala amafuna kalata yochokera kwa alangizi a ziweto yofotokoza za galuyo, ndiye ngati ofesi yawo ili panjira dzerani pomwepo. Zimawathandizanso iwo kudziwa kuti m'dera lanu mukuyenda galu wokayikitsa yemwe atha kuluma ena. Koma mukapeza potseka, musabwerere kunyumba kukadikira sabata yamawa, pitirirani kuchipatala mukafotokoze. Ndikudziwanso, ndipo zimandiwawa, kuti nthawi zina munthu amafika n'kuuzidwa kuti katemera watha. Zikatero musangoti zikomo n'kutembenuka. Funsani kuti akupezeka kuti, akulembereni kalata yokutumizani kumeneko, kaya ndi kuchipatala chachikulu kuboma kaya cha mishoni. Ndipo kwa amene mukuwerenga muli ndi mwana yemwe adalumidwa mwezi watha osabayitsa: simunachedwe. Malinga ngati zizindikiro sizinayambe, katemera amaperekedwabe ngakhale patapita miyezi. Nyamukani mawa.

Kalata yachiwiri yachokera ku Lizulu.

"Ndine mnyamata wa zaka 24, ndili ndi agalu asanu osakira komanso olondera kumunda wa kachewere. Ndidalumidwapo ndili kusekondale ndipo ndidamaliza majakisoni. Agalu anga ndimawabayitsa chaka ndi chaka. Kodi inenso ndizibayitsa chaka chilichonse popeza ndimakhala nawo tsiku lililonse?"

Ayi achimwene. Munthu sabayitsa wachibwereza chifukwa chongokhala ndi agalu, kapena chifukwa chaka chatha. Amabayitsa pamene dzino, chikhadabo kapena malovu zadutsa khungu. Okhawo omwe ntchito yawo ndi yogwira kachiromboka nthawi zonse, monga oyeza mitu ya agalu ku labotale ya ziweto ku Lilongwe, ndi omwe amapimidwa magazi nthawi ndi nthawi n'kubayidwa zikafunika. Inu sungani buku lanu pouma, ndipo tsiku lomwe mwalumidwa mudziwe kuti anu ndi majakisoni awiri.

Pobayitsa agaluwo ndiye mukuchita chinthu chachikulu kuposa momwe mukudziwira. Pafupifupi anthu onse omwe amadwala chiwewe amachitenga kwa galu, ndipo m'dera agalu 7 mwa 10 aliwonse akamabayidwa chaka ndi chaka, matendawa amasowa podutsa n'kuzilala. Ndi zimene bungwe la Mission Rabies lakhala likuchita ku Blantyre kuyambira 2015, kubaya agalu khomo ndi khomo. Kampeni yobaya agalu ikafika kwanu, mutengenso tiana tagalu ndi amphaka, musamasiye kunyumba kuti n'tating'ono. Mukawauzenso anzanu osaka nawo. Agalu osakira amakumana ndi nkhandwe kutchire, ndipo kwanuko malire ndi Mozambique ndi msewu chabe, galu amawoloka m'mawa n'kubwerako madzulo. Wanu akadzalumidwa ndi galu wachilendo kapena nkhandwe, ngakhale ali ndi chiphaso, musagwire balalo ndi manja opanda kanthu. Mumangirireni, muitane alangizi a ziweto tsiku lomwelo, amubayenso ndipo akuuzani kuti akhale pachingwe nthawi yaitali bwanji.

Yomaliza ndi ya mayi wa ku Mtakataka.

"Ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Galu wathu yemwe, wobayitsa chaka chatha, anandiluma padzanja nditamuponda mchira mumdima. Apongozi akuti jakisoni wa chiwewe achotsa mimba, ndipo amuna anga akufuna kumupha galuyo. Sindidabayitsepo."

Mayi, apongozi akunena chifukwa chokukondani, koma pamenepa muwapemphe akuperekezeni kuchipatala akamve okha. Katemera wa chiwewe sachotsa mimba, savulaza mwana ali m'mimba, ndipo ngakhale woyamwitsa kapena khanda amabayidwa. Tsukani dzanjalo monga ndafotokozera pamwambapa, mutenge chiphaso cha galuyo pamodzi ndi buku lanu lakusikelo, mupite lero. N'zoona kuti galu wobayitsa, amene waluma chifukwa wapondedwa, sakayikitsa ngati wachilendo wongolumpha munthu popanda chifukwa. Komabe bala lili padzanja, ndipo katemera wa galu wa chaka chatha atha kukhala kuti nthawi yake yadutsa. Oyeza zonsezi akhale achipatala ndi alangizi a ziweto, ndipo akanena kuti muyambe majakisoni, yambani.

Galuyo asaphedwe. Ali moyo ndiye mboni yanu. Galu amene anali ndi chiwewe m'malovu tsiku lomwe analuma satha masiku 10 asanadwale kapena kufa. Ndiye amuna anu amumangirire pamthunzi pomwe ana safika, azimupatsa chakudya ndi madzi mokankhira ndi mtengo, ndipo muziwerenga masiku kuyambira tsiku lomwe anakulumani. Muziona ngati wasiya kudya, akutuluka dovu, akuluma chingwe ndi miyala, mawu asintha pouwa, chibwano chalendewera kapena miyendo yakumbuyo yafooka. Chiwewe china sichilusa, galu amangofatsa n'kumabisala, ndiye kufatsa kwachilendo nakonso mukanene. Mukaona chimodzi mwa izi, kapena akafa, musamukwirire, itanani alangizi a ziweto kuti mutu wake ukayezedwe, ndipo inu mupitirize majakisoni mpaka kumapeto. Akafika tsiku la 10 akudya bwino, akugwedeza mchira mukamamuyandikira, kawauzeni achipatala, iwo ndi omwe anene ngati otsalawo mungawasiye. Masiku 10 amenewa ndi oyang'anira galu majakisoni anu akuyenda, osati okhala pakhomo kudikira kuti muyambe.